Nkhani ya hijabu kusukulu: boma lisamadikire utsi

Pa Nkaya, pomwe njanji yochokera ku Blantyre kulowera ku Salima imakumana ndi ija yodzera ku Liwonde ndi Nayuchi kukafika ku Nacala, Asilamu ndi Akhristu takhala limodzi kuyambira kale. Timagula pamsika umodzi, timakumana pamaliro, ndipo ana athu amakhala m'kalasi imodzi. Komatu ndi pakhomo la kalasi pomwe maboma athu a Balaka ndi Machinga adaonera mkangano woopsa m'zaka zapitazi.

Mu Novembala 2019, pasukulu ya M'manga ya mpingo wa Anglican ku Balaka, atsikana ovala hijabu adaletsedwa kulowa m'kalasi. Zipolowe zidabuka, anthu adavulala, ndipo mzikiti ndi nyumba ya wansembe zidawonongedwa. Mu Okutobala 2020, ofesi ya mphunzitsi wamkulu pasukulu ya Akatolika ku Mpiri, m'boma la Machinga, idatenthedwa pankhani yomweyi. Sitikuikira kumbuyo aliyense amene adatola mwala kapena kuyatsa moto. Amene adavutika kwambiri ndi ana a mbali zonse ziwiri, omwe adakhala pakhomo sukulu zitatsekedwa.

Chovuta pankhaniyi nchoti mbali iliyonse ili ndi poimira. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa chipembedzo kwa munthu aliyense, ndipo gawo 25 limapereka ufulu wa maphunziro. Mtsikana wa Chisilamu amene watha msinkhu saona hijabu ngati chokongoletsa, kwa iye ndi mbali ya kumvera Allah. Mpingo nawo umati malo ndi ake, makalasi udamanga wokha, ndipo uli ndi ufulu wosunga mwambo wa sukulu yake. Tikakana kumva mfundo imeneyi sitikuchita chilungamo.

Nanga woweruza ndani? Gawo 44 limanena kuti ufulu wa munthu ungachepetsedwe pokhapokha ngati pali lamulo lotero, ndiponso ngati kuchepetsako kuli koyenera m'dziko la demokalase. Apa ndi pomwe boma silingathawe. Ndi boma limene limalipira aphunzitsi m'sukulu zambiri za mipingo ndi misonkho ya tonse, ndipo mayeso a Sitandade 8 ndi amodzi dziko lonse. Kuchokera pomwe maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, sukulu zimenezi zimalandira mwana aliyense wa m'deralo. Kumudzi, kumene sukulu ina ili kutali, kuuza kholo kuti likasake sukulu ya chipembedzo chake nchimodzimodzi kuuza mwanayo kuti asiye sukulu, ndipo tonse tikudziwa chimene chimatsatira mtsikana akakhala pakhomo.

Bungwe la Public Affairs Committee (PAC), lomwe limasonkhanitsa atsogoleri a mipingo ndi Achisilamu, lidagwira ntchito yotamandika. Mu Juni 2021 atsogoleriwa adasainirana mgwirizano wolola atsikana kuvala hijabu ya mtundu wogwirizana ndi yunifomu ya sukulu. Yankho lake ndi lophweka chonchi, moti munthu nkumadabwa kuti bwanji lidachita kudikira mpaka nyumba zitapsa. Koma mgwirizano si lamulo. Umadalira mtima wabwino wa amene adasaina, ndipo atsogoleri amasintha.

Abale athu Achirasta adadzera njira ina. Mu Meyi 2023, woweruza Zione Ntaba wa bwalo lalikulu ku Zomba adagamula kuti kuletsa ana a tsitsi lopotana kulowa m'sukulu za boma nkuphwanya malamulo aakulu, ndipo adalamula Unduna wa Zamaphunziro kuti ulembere sukulu zonse. Nawonso adadikira zaka, ana ena akukulira pakhomo.

M'nkhani zonse ziwiri boma lidabwera pambuyo, kwina litaona moto, kwina litakokedwa ndi khoti. Chimene tikupempha nchakuti mfundo za mgwirizano wa 2021 zilowe m'malamulo a zamaphunziro, zilembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo zifike kwa makomiti a sukulu, mafumu, masheikh ndi abusa. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kumudzi kwa T/A Nkaya, akaona mtsikana wovala hijabu pamzere Lolemba m'mawa, azikhala ndi kalata ya Unduna m'kabati yoti aonetse aliyense wofunsa.