Kapamba Akatupa mwa Munthu Wodwala Chiwindi

Munthu wa matenda a chiwindi otchedwa hepatitis C akafika kuchipatala kapamba wake atatupa, dokotala sadabwa ayi. Chiwindi chikauma ndi zipsera, magazi ochokera m'matumbo ndi m'kapamba amalephera kudutsamo bwino, ndiye amabwerera n'kudzaza kapamba uja. Kwathu kuno palinso malungo obwerezabwereza ndi likodzo la m'matumbo, zomwe nazonso zimatupitsa kapamba. Tsono vuto lake ndi ili: mwa anthu ambiri otupa kapamba chonchi muli ena ochepa amene ali ndi khansa yotchedwa lymphoma, ndipo n'kwapafupi kuiphonya chifukwa aliyense maso ali pa chiwindi.

Kodi khansa imeneyi ikugwirizana bwanji ndi kachirombo ka m'chiwindi? Kachirombo ka hepatitis C, komwe kadapezeka m'chaka cha 1989, kamakhala m'thupi zaka zambiri mwakachetechete. Nthawi yonseyo maselo oyera a m'magazi otchedwa B amakhala akulimbana nako osapuma. Pochulukana motere ena amasokonekera, n'kuyamba kuswana mopanda malire, ndipo ambiri amakadikha m'kapamba.

Dokotala watcheru amayamba kukayika kapamba akakula mopitirira pamene chiwindi sichidaonongeke kwenikweni, kapena wodwala akamaonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku. Amayeza magazi, ndipo pa maikulosikopu amatha kuona maselo oyera okhala ndi titsitsi tating'ono m'mbali mwake. Makina ena amaonetsa ngati maselowo ali a mtundu umodzi, ochokera ku selo limodzi, chomwe ndi chizindikiro cha khansa. Amatenganso pang'ono mafuta a m'fupa la m'chiuno kukawaunika. Kubaya kapamba weniweniyo amakuzengereza, pakuti ndi chiwalo chodzala magazi ndipo wodwala chiwindi magazi ake sachedwa kutayika. Kale ambiri ankadziwika matenda awo atachotsedwa kale kapamba pa opaleshoni.

Chomwe chimandichititsa chidwi ine ndi zimene adapeza Olivier Hermine ndi anzake ku France m'chaka cha 2002. Odwala 9 amene adali ndi khansayi pamodzi ndi hepatitis C adapatsidwa mankhwala olimbana ndi kachiromboka otchedwa interferon, ndipo mwa 7 khansa idazimiririka. Odwala 6 amene adalibe kachiromboka mankhwalawo sadawathandize. Kuchokera m'chaka cha 2013 kudabwera mapiritsi monga sofosbuvir, omwe pophatikiza ndi ena amachiza hepatitis C mwa anthu oposa 95 pa 100 alionse m'masabata 8 mpaka 12. N'chifukwa chake wopezeka ndi khansa ya kapamba imeneyi amayezedwa hepatitis C, ndipo ngati khansayo ili yoyenda pang'onopang'ono madokotala amatha kuyamba ndi mapiritsiwa. Amayezedwanso hepatitis B, pakuti mankhwala a khansa monga rituximab amatha kudzutsa kachirombo kameneka kadagona.