Mmene kompyuta imasankhira zocita

Mlimi wa kwa Mphamba, m'boma la Lundazi, akamatumiza ndalama pa lamya, kompyuta imayamba yaona ngati nambala yake yacinsinsi ili yolondola. Ikakhala yolondola, nchito imapitirira. Ikalakwika, kompyuta imakana.

Kusankha kotereku kumakonzedweratu ndi munthu. M'zinenero za kompyuta monga Python, imene inatuluka mu 1991, wolemba pulogalamu amagwiritsa nchito mau awiri acingelezi, if ndi else, kutanthauza "ngati" ndi "apo ayi". Funso limene kompyuta imapatsidwa pamenepo yankho lake ndi inde kapena ayi basi.

Ophunzira atsopano amaphonya kwambiri pa malire. Mwacitsanzo, ngati malikisi opambanira mayeso ndi 40, koma wolemba nkulamula kuti wopambana ndi amene waposa 40, mwana wopeza 40 ndendende adzalembedwa kuti walephera. Lamulo loyenera ndi lakuti "40 kapena kuposerapo".

Conco wophunzira ayenera kuyesa pulogalamu yake ndi 39, 40 ndi 41 asanaikhulupirire. Kompyuta siikonza colakwa ca woilamula, koma imacibwereza kwa mwana aliyense wopeza malikisi amenewo.