Citofu ca Mapeleti Cikakana Kuyaka

 M'maphunziro a sayansi munamva kuti moto ufuna zinthu zitatu: nkhuni, mpweya ndi kutentha. Cimodzi cikasowa, moto ufa. Lero tiona m'mene lamulo limeneli litsogolera mmisiri pofunafuna vuto m'citofu ca mapeleti.

Mapeleti ndi timibulu ta utuci, uja utsala poceka matabwa. Utuciwo auumitsa, naupanikiza m'makina kufikira utuluka ngati tizidutswa ta pensulo, tonenepa mamilimita 6. Sathiramo guluu ai. Cimene cigwirizanitsa utuciwo cili mu mtengo momwemo, ndipo cisungunuka ndi kutentha kwa makina. Madzi otsala m'mapeleti sapitirira magawo 10 pa 100, pamene nkhuni yaiwisi theka la kulemera kwake lingakhale madzi okhaokha.

Zitofu zotenthetsa nyumba ndi mapeleti zinayamba ku America m'zaka za m'ma 1980, ndipo katswiri wina wa ku Washington, Jerry Whitfield, ndiye adziwika pa nchito imeneyi. Tsopano zili zambiri ku Ulaya, makamaka ku Italy. Kumeneko cisanu ndi coopsa kuposa ca mwezi wa June kwathu kuno, kotero kuti citofu cikazima usiku, banja ligona ndi ana m'nyumba yozizira koposa.

Aphunzitsi, jambulani pa bolodi zinthu zinai izi. Pamwamba pali nkhokwe yosungiramo mapeleti. Pansi pa nkhokwe pali citsulo copotana, cofanana ndi cija ca m'makina operera nyama, cimene amisiri amati auger. Mota icizungulitsa pang'onopang'ono, ndipo cikankhira mapeleti ku kamphika. Kamphika kameneka kali ndi mabowo monga mbaula ya makala, ndipo fani ikokera mpweya m'mabowomo. Pambali pake pali kandodo ka magetsi kamene kafiira ndi kutentha, nikayatsa mapeleti patapita mphindi zingapo. Mwaziona zitatu zija? Auger ibweretsa nkhuni, fani mpweya, kandodo kutentha.

Citofu cikakana kuyaka, mmisiri wanzeru sathamangira kumasula zitsulo. Ayamba wasuzumira m'kamphika, nadzifunsa funso limodzi: kodi muli mapeleti kapena mulibe?

Ngati alimo koma sanayake, cosowa ndi kutentha kapena mpweya. Kawirikawiri mlandu ndi wa phulusa. Phulusa likatentha kwambiri limaumbika ngati mwala, nilitseka mabowo, ngakhalenso kabowo kamene mpweya wotentha wa kandodo udzera. Kandodo kangafiire bwino lomwe, koma kutentha kwake sikufika pa mapeleti. Mankhwala ake ndi kupala kamphika citofu citazizira, basi. Anthu ambiri agula kandodo katsopano pacabe cifukwa ca ulesi wopala phulusa. Kamphika kakakhala koyera, mapeleti ouma, koma pafupi ndi kandodo palibe kutentha konse, pamenepo ndiye tingaganize kuti kandodo kanapsa, ndipo mmisiri akayesa ndi cipangizo coyezera magetsi asanakasinthe.

Pano pali ngozi imene ndifuna muisunge mumtima. Citofu cikalephera kuyaka, mapeleti aunjikana m'kamphika. Munthu akayatsanso osawacotsa, muluwo uyamba kufuka utsi wambiri, ndipo utsi umenewu ukagwira moto mwadzidzidzi uphulika ndi kugunda kwakukulu. Ayenera kukhuthula kamphika nthawi iliyonse asanayesenso. Kuthira petulo kapena parafini kuti moto ufulumire, kumeneko ndi kuitana maliro.

Nanga kamphika kakakhala kopanda kanthu? Apo vuto lili pa njira ya mapeleti, ndipo makutu athandiza kuposa maso. Coyamba, yang'anani m'nkhokwe. Musaseke, ana inu. Akulu ambiri aitana mmisiri pamene mapeleti angotha cabe. Nthawi zina mapeleti agwirana pamwamba, pansi pali mphako, monga ufa ucitira m'thumba. Ndiponso nkhokwe ikatheratu, auger itenga nthawi kuti idzazenso.

Mota ikamveka kulira koma auger sizungulira, pali cimene caigwira: mwina msomali kapena kamwala, koma makamaka fumbi la utuci ndi cinyezi. Mapeleti akanyowa atupa, nabwerera ku utuci, ndipo utuciwo ulimba m'njira ngati nsima ya dzulo. Munthu ayambe wazula pulagi ku khoma asanapise dzanja, pakuti mota imeneyi, ngakhale iyenda mwaulesi, ingathyole cala.

Mota ikakhala cete, sindiko kuti yafa. Opanga zitofu anaikamo maswici oteteza. Citseko cikatsala cotseguka, kapena cumuni cikatsekeka ndi mwaye, swici iimitsa auger dala kuti utsi usadzaze nyumba. Mu utsi muli mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, womwe uja upha anthu ogona ndi mbaula m'cipinda cotseka. Cifukwa cace swici yotere sailambalala ndi waya. Acotsa cimene caicititsa kuima. Lawi nalonso lilankhula: likakhala lowala ndi lovina, mpweya ukwanira, likakhala lofiira, laulesi ndi lodetsa galasi la citseko, mpweya wacepa.

Kwathu kuno ku Zambia mapeleti apangidwa ndi utuci wa ku Copperbelt, ndipo mabanja ena m'matauni aphikira pa timbaula ta mapeleti m'malo mwa makala. Timbaula timeneti tilibe auger. Wophika athira mapeleti ndi manja, nayatsa pamwamba, ndipo kafani kakang'ono kakoleza moto. Koma adani ake ndi omwewo: cinyezi, phulusa m'mabowo, ndi fani yosazungulira cifukwa batire yatha.

Aphunzitsi, ngati mungapeze mapeleti ocepa, ikani ena m'kapu youma, ena m'kapu ya madzi pang'ono. Pakapita mphindi 10, ana ayang'ane, akhudze, ndipo alembe m'makope mwao kapu imene mapeleti ake angatseke auger, ndi cifukwa cace.