Kudzimbidwa Kosatha: Kodi Kachipangizo Koika Kumsana Kangathandize?

Lachitatu lina titatuluka m'mapemphero, mayi ena a Dorika anandikokera kuseri kwa tchalitchi. Ndi mayi a zaka zopitirira 50, amene nyengo ya manachesi amakhala pamsewu wopita kuchipata cha Mwanza, kugulitsa kwa madalaivala a magalimoto opita ku Tete. Anayamba ndi za mvula, kenako anatsitsa mawu.

"Achemwali, inu mumatiphunzitsa zaumoyo. Ine ndimatha masiku 10 osachita chimbudzi. Chaka chino n'chachisanu."

Anatulutsa foni n'kundionetsa kanema amene mwana wawo wa ku Johannesburg anatumiza pa WhatsApp. Ankaonetsa kachipangizo kamene madokotala amaika m'thupi kumunsi kwa msana kuti matumbo ayambirenso kugwira ntchito. Mwanayo anati ayamba kusunga ndalama, ndipo mayiwo anali atatsimikiza zogulitsa mbuzi zawo zitatu kuti aonjezerepo.

Ndivomereze kuti yankho langa loyamba linali lachizolowezi: mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, masamba, madzi ambiri, kuyenda. Anandiyang'ana mondimvera chisoni. "Mgaiwa ndadya chibadwire. Nandolo ndimalima ndekha. Pali chisoso chimene sindinadye ine?" Ndinachita manyazi. Ife Achiadiventi timafulumira kuganiza kuti wodzimbidwa aliyense walakwitsa kadyedwe. Kwa anthu ambiri zimenezi n'zoona, ndipo sindidzasiya kuphunzitsa za mgaiwa. Koma alipo ena amene matumbo awo amakankha pang'onopang'ono mwakuti kuwaonjezera madeya kumangowatupitsa mimba. Ndinapempha kuti mbuzi zidikire kaye, ndikafunse kwa dokotala wina wa mumpingo mwathu yemwe amagwira ntchito ku Blantyre.

Chithandizocho pa Chingelezi amati sacral nerve stimulation. Kumunsi kwenikweni kwa msana, pakati pa matako, kuli fupa lokhala ndi timabowo momwe mumadutsa mitsempha yolamulira chikhodzodzo, mathero a matumbo ndi minofu yotseka kotulukira chimbudzi. Dokotala amalowetsa kawaya kopyapyala pabowo lachitatu, pafupi ndi mtsempha. Kwa masabata awiri kapena atatu wodwala amayenda ndi batire kunja kwa thupi, akulemba m'kope tsiku lililonse limene wachita chimbudzi. Zikaoneka kuti zasintha, amamuchita opaleshoni yaing'ono n'kuika batire pansi pa khungu kumtunda kwa thako. Kachipangizoka kamatumiza magetsi ochepa kwambiri kumtsempha usana ndi usiku, ngati mmene kamachitira kena kamene amaika pachifuwa kwa odwala mtima.

Si zabodza ayi. Ku America, bungwe la FDA linavomereza kachipangizo ka InterStim ka kampani ya Medtronic mu 1997 kuti kathandize anthu olephera kugwira mkodzo, ndipo mu 2011 linakavomereza kwa olephera kugwira chimbudzi. Anthu otere kawathandizadi. Koma taonani kuti onsewa vuto lawo ndi kulephera kugwira, pomwe la mayi athu ndi kulephera kutulutsa.

Pa kudzimbidwa nkhani inasiyana. Poyamba madokotala ena a ku Ulaya anali ndi chiyembekezo chifukwa odwala ankanena kuti akupezako bwino. Kenako kunachitika kafukufuku wosamala, wina ku Australia yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2015, wina ku France mu 2017. Odwala onse anaikidwa kachipangizo, koma nthawi ina kankayatsidwa, nthawi ina kuzimitsidwa, iwo osadziwa. Kusiyana kooneka panalibe. Koyaka kapena kozima, kuchimbudzi ankapita chimodzimodzi. Pamwamba pa izo, ena amamva kuwawa pamene pali batire, bala limatha kuchita mafinya, waya amatha kusuntha, ndipo batire likatha mphamvu pakapita zaka pamafunikanso opaleshoni ina. Munthu wa ku Mwanza angamabwerere kangati ku Johannesburg kokaonetsa waya? Ndipo mbuzi zitatu sizifika n'komwe pamtengo wa batire lokhalo.

Funso limene dokotala uja anandifunsa linali lina: kodi mayiwo anayezedwapo? Ayi ndithu. Zaka zonsezi ankagula mapiritsi otsegula m'mimba pagolosale ndi kumwa mizu, osauza ngakhale amuna awo.

Munthu akamachita chimbudzi kosakwana katatu pa sabata, cholimba, mochita kudzikakamiza, kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, pamafunika kufufuza chifukwa. Nthawi zina ndi mankhwala amene akumwa: oonjezera magazi, opha ululu monga codeine, tramadol ndi morphine, ngakhalenso amitriptyline. Nthawi zina ndi shuga, kapena chithokomiro chimene chafooka. Ena minofu yawo yam'munsi imamanga m'malo momasuka akamakankha, ndipo amafunika kuphunzitsidwa kaumasulidwe kake. Mankhwala monga lactulose ndi bisacodyl amathandiza akamwedwa mwa dongosolo la achipatala. Ndipo chimbudzi chathu chokumba musachinyoze: kunjuta kumawongola njira kuposa kukhala pampando.

Pali zizindikiro zimene sizidikira mgaiwa kapena mawa. Mimba ikatupa ngati ng'oma, mpweya osatuluka, munthu akusanza, matumbo akhoza kukhala atapotana. Vutoli n'lofala kuno ku Malawi makamaka kwa abambo, ndipo limapha ngati opaleshoni yachedwa. Thamangani naye kuchipatala chachikulu cha Mwanza usiku womwewo, osamumwetsa mankhwala otsegula m'mimba. Magazi m'chimbudzi musamangoti ndi mudzi, makamaka ngati munthu wamkulu akuonda ndipo kachitidwe kake ka chimbudzi kasintha posachedwa, pakuti khansa ya m'matumbo imayamba choncho. Khanda limene latha maola 48 chibadwire osachita chimbudzi choyamba lionedwe msanga. Ana ena amabadwa mbali ina ya matumbo ilibe mitsempha, ndipo opaleshoni yake imachitika ku Mercy James, pa Queens ku Blantyre.

Mayi athu aja ndinawaperekeza ku Blantyre pa minibasi. Tili m'njira anayamba kutchula zina zimene ankaziyesa ukalamba: kutopa, khungu louma, kumva kuzizira ngakhale mu Okutobala pamene ena tonse tikufuna mthunzi. Magazi anaonetsa kuti chithokomiro chawo chikugwira ntchito moperewera. Anawapatsa levothyroxine, piritsi la m'mawa uliwonse asanadye kanthu, pamodzi ndi lactulose.

Papita miyezi inayi. Sanachire kotheratu, koma tsopano amapita kuchimbudzi pakadutsa masiku awiri kapena atatu, ndipo mwezi wamawa akayezetsanso magazi kuti aone ngati mlingo wa mankhwala ukukwana. Mwana wa ku Johannesburg amatumiza ndalama ya thiransipoti. Mbuzi imodzi inagulitsidwa kuti alipire zoyeza, ziwiri zidakali m'khola.