Mtima nawo uli ndi magetsi ake

Odwala ambiri amene amatumizidwa kwa ine amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Adokotala, mtima ukumandithamanga." Ena amati ukumadumphadumpha, ena amati umaima kaye kenako n'kugunda mwamphamvu. Achibale amakhala atagamula kale kuti ndi BP kapena maganizo. Nthawi zina amalondola, koma ine ndimayamba ndafufuza magetsi a mumtimamo.

Kumtunda kwa mtima, mbali yakumanja, kuli kagulu ka maselo kamene kamatulutsa timphamvu ta magetsi, ka 60 mpaka 100 pa mphindi imodzi munthu akakhala phee. Timphamvuto timatsika m'njira yakeyake n'kuchititsa minofu ya mtima kufinya magazi. Njirayo ikaduka, mtima ukhoza kumagunda ka 30 kapena 40 basi, ndipo munthu amachita chizungulire ngakhale kukomoka kumene. Magetsiwo akabalalika, mtima umagunda chisawawa.

Chovuta pa ntchito yathu n'kulipeza vutolo lili mkati mochitika. Makina a ECG amajambula mtima kwa masekondi pafupifupi 10 okha. Munthu wavutika Lachiwiri usiku, wafika kuchipatala Lachinayi, pepala latuluka labwinobwino, ngati galimoto imene imasiya kuvuta ikangoona makaniko. Kuteroko sikuti wodwalayo akunama. N'chifukwa chake timamuveka kachipangizo kotchedwa Holter, koti agone nako n'kugwira nako ntchito tsiku limodzi kapena awiri. Masiku ano kulinso kena, kochepa kuposa chala, kamene kamaikidwa pansi pa khungu la pachifuwa n'kumamvetsera mtima kwa zaka zitatu. Mawotchi ena nawo ayamba kujambula ECG, monga Apple Watch kuyambira mu 2018. Amathandiza ndithu, ngakhale ndaonanso anthu athanzi akusowa tulo chifukwa cha wotchi.

Mtima ukakhala wochedwa, mankhwala ake enieni ndi pacemaker. Anthu amaopa akamva za "batire mumtima", koma batirelo limakhala pansi pa khungu, cham'munsi mwa phewa, ndipo timawaya timadutsa mumtsempha kukafika mumtima. Chifuwa siching'ambidwa, ndipo kawirikawiri munthu sagonekedwa n'komwe. Pacemaker yoyamba kuikidwa m'thupi inaikidwa mu 1958 ku Stockholm ndi dokotala Åke Senning, itapangidwa ndi Rune Elmqvist. Inangogwira ntchito maola ochepa n'kufa. Komabe wodwalayo, Arne Larsson, anamusinthira zina zoposa 20 pa moyo wake, ndipo anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86, dokotala uja ndi mmisiri uja atatsogola kale. Lero batire limatha zaka pafupifupi 10. Mu 2016 dziko la America linavomereza Micra, pacemaker yopanda waya, yaikulu ngati kapisozi, imene imalowetsedwa kudzera mumtsempha wa m'ntchafu n'kukhazikika mumtima momwemo. Mtengo wake ndiye usanene, ndipo kwa odwala ambiri yamawaya ija imakwanira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nthenda ya atrial fibrillation. Zipinda zam'mwamba za mtima zimangonjenjemera, magazi amaundana pakona, kachibulumako n'kuthawira kubongo. Mwayi wodwala sitiroko umachuluka pafupifupi kasanu. Ku Ulaya imeneyi ndi nthenda ya okalamba, koma kuno kwathu imagwiranso achinyamata. Zilonda zapakhosi zimene mwana sanalandirire penisilini zikhoza kuwononga mavavu a mtima, ndipo patapita zaka mtima umatupa, magetsi n'kusokonekera. Mu 1998 madokotala a ku Bordeaux, motsogoleredwa ndi Michel Haïssaguerre, anaonetsa kuti chisokonezochi chimakonda kuyambira pamene mitsempha yochokera m'mapapo imalowera mumtima, ndipo malowo akhoza kuwotchedwa ndi kawaya. Komabe kwa munthu wa mavavu oonongeka, chimene chimamuteteza ku sitiroko ndi mankhwala a warfarin, kumwa mosadumphitsa ndi kuyezetsa magazi pafupipafupi.

Mtima ukayamba zachilendo, ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kwa mphindi yathunthu. Lembani nambalayo, nthawi yake, komanso ngati kugundako kunali kwadongosolo kapena kodumphadumpha, mubwere nako kapepalako. Koma ngati mwakomoka, mukubanika, kapena pachifuwa pakupweteka, zowerenga zisiyeni, thamangirani kuchipatala.