Mapu a mawa angachepetse maulendo ndi utsi kwa Kanduku

MWANZA – Mfumu ikaloza malo oti pamangidwe msika, sukulu kapena chigayo, imakhala italamulanso kutalika kwa mtunda umene anthu ake adzayende tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri zikubwerazi.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri dera la Mfumu Yaikulu Kanduku m'boma la Mwanza, boma lomwe kalembera wa mu 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa 130,000. Pamene anthu akuchuluka, nyumba ndi magolosale zikumangidwa mondondozana m'mbali mwa msewu wa M6, wochokera pa Zalewa kukafika pa chipata cha Mwanza, pomwe midzi yakutali ndi msewuwu ikudalira njinga zamoto za kabaza kuti ifike ku msika kapena kuchipatala.

Akatswiri okonza kagwiritsidwe ntchito ka malo ali ndi njira yothandiza anthu kuona zotsatira za zimenezi zisanachitike. Amajambula mapu awiri kapena atatu a dera limodzi, aliwonse akusonyeza momwe deralo lingadzaonekere pakatha zaka 20 kapena kuposerapo. Mapu oyamba amasonyeza zomwe zidzachitike aliyense akapitiriza kumanga pomwe wafuna. Ena amaika msika, sukulu, chipatala ndi nyumba zatsopano moyandikana, n'kusiya minda, madambo ndi nkhalango osakhudzidwa. Akatero amawerengetsa mtunda womwe munthu adzayende pa mapu aliwonse, mafuta omwe adzagule, ndi mpweya wa kaboni womwe udzapite mumlengalenga. Kenako eni dera amasankha okha.

Mzinda wa Sacramento ndi maboma ozungulira ku America adavomereza mapulani otere mu 2004, ndipo mu 2008 dera la California lidakhazikitsa lamulo loti mapulani a nyumba ndi a misewu azikonzedwa pamodzi pofuna kuchepetsa utsi wa galimoto.

Kumeneko vuto ndi kuchuluka kwa galimoto za anthu pawokha. Kwa Kanduku mabanja ambiri alibe galimoto, koma masamu ake ndi omwewo. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.3 a mpweya wa kaboni, pomwe ya dizilo imatulutsa pafupifupi 2.7. Choncho wakabaza wothira malita atatu patsiku amatulutsa makilogalamu pafupifupi asanu ndi awiri, ndipo ndalama za mafutawo zimachokera m'thumba la mayi wopita kusikelo kapena mlimi wa manachesi wofuna ogula. Msika ukakhala poti munthu atha kufikapo wapansi kapena pa njinga yakapalasa, ndalamazo zimatsala pakhomo. Ichi n'chimene mlimi angayambe kumva. Za kusintha kwa nyengo zimabwera pambuyo.

Malamulo olola ntchitoyi alipo kale. Lamulo la mapulani a malo la mu 2016 lidaika dziko lonse, midzi yomwe, pansi pa ndondomeko ya mapulani, pomwe kale izi zinkakhudza makamaka mizinda ndi matauni. Lamulo la malo a makolo la chaka chomwecho lidakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi magulupu, momwe amayi ali ndi mipando yawo. Makomitiwa, pamodzi ndi khonsolo ya Mwanza, ndiwo angakhale pansi ndi mapu aja.

Dziko la Malawi lidalonjezanso mu 2021, potsatira pangano la ku Paris, kuti pofika 2040 lidzachepetsa mpweya woipa ndi 51 peresenti poyerekeza ndi momwe ukadakhalira popanda kuchitapo kanthu. Pa chiwerengerochi, 6 peresenti yokha ndi yomwe dzikoli lidati lingakwanitse ndi ndalama zake. Kusankha bwino malo omanga ndi chimodzi mwa zinthu zosadikira thandizo lakunja.

Komabe mapu sangathetse zonse. Mathiraki odutsa pa Mwanza kupita ku Tete ndi ku Zimbabwe sadzachepa chifukwa cha chigamulo cha komiti ya m'mudzi. Ndipo utsi wambiri wa bomali umachokera ku mauvuni a makala, omwe matumba ake amaoneka m'mbali mwa msewu wa ku Zalewa. Mapu abwino ayenera kusonyezanso malire a nkhalango monga ya Thambani, komanso pomwe mudzi uliwonse udzadzale mitengo ya nkhuni.

Chovuta kwambiri ndi mantha a anthu kuti mapulani akutanthauza kusamutsidwa pa malo a makolo, pomwe pali manda ndi minda yawo. Mantha amenewa ngomveka, ndipo akuluakulu a khonsolo ayenera kufotokoza poyera kuti chomwe chikukambidwa ndi malo a zinthu zomwe sizinamangidwe: sukulu yotsatira, msika wotsatira, ndi nyumba za ana omwe panopa ali ku pulayimale.