Kompyuta ikamadzizimira yokha, musathamangire BIOS

TSANGANO — Mayi wina wa cha ku Ntengo-wa-Mbalame analawira m'bandakucha kupita pa boma kukatayipitsa kalata yopempha malo a mwana wake ku sukulu ya sekondale. Pa kashopu ka makalata ndi fotokopiya anapezapo anthu ali pamzere, ndipo mtolankhani wanu anali mmodzi wa iwo. Mnyamata wa pakompyuta atangolemba mizere itatu, makina anathima okha ngati nyali yothera mafuta, kenaka nkuyakanso. Anayambiranso, makina anathimanso. Dzuwa likupendeka, mayi uja anabwerera kumudzi chimanjamanja, ndalama ya chapa itapita.

Makolo athu atabwerera kuchokera ku Ntcheu ndi ku Dedza nkhondo itatha mu 1992, kalata ya ku boma inkalembedwa ndi dzanja kapena pa makina otayipira, amene sankafuna magetsi. Lero mndandanda wa ana a sukulu, kaundula wa alimi a fodya ku Furancungo ndi makalata a kwa a mfumu opita ku boma, zambiri zimadutsa pa kompyuta. Kompyuta imodzi ikadwala, mudzi wonse umamva kuwawa. Nchifukwa chake nkhaniyi ikukhudza ngakhale inu amene simunaigwirepo.

Makompyuta ambiri a patebulo amene amafika kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kwina. Kunja amanyezimira, koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukatsegula chibokosi mumaona bolodi lalikulu lamphwamphwa pamene pamalumikizidwa zipangizo zonse. Amisiri a kuno amalitcha placa-mãe, a ku Malawi amati motherboard. Pa bolodi limeneli pali kachipangizo kakuda kakang'ono kuposa chikhadabo, kamene kamasunga malangizo oyamba a makinawo. Malangizo amenewa ndiwo BIOS, ndipo pa makina atsopano amatchedwa UEFI, ngakhale anthu sanasiye dzina lakalelo. Mukatobwanya batani, BIOS ndiye amayamba kudzuka, nkuyendera zipangizo chimodzichimodzi ngati mbusa wowerenga mbuzi m'khola m'mawa. Akaona kuti zonse zilipo, ndi pamene amaitana Windows.

Vuto ndi loti kompyuta ikayamba kuthima yokha, kuuma osayenda, kapena kuonetsa nkhope yabuluu, pamapezeka wina wonena kuti mankhwala ake nkuika BIOS watsopano wochokera pa intaneti. Nthawi zina akunena zoona. Koma kuno kwathu imeneyi iyenera kukhala ntchito yomaliza, pakuti zoyamba kukayikira ndi zinthu zotchipa.

Yambani ndi magetsi ndi fumbi

Magetsi a dziko lathu ndi a 220 voti, koma amene amakhala kumapeto kwa nthambo amadziwa mmene babu limazilalira madzulo, kapena chigayo cha pafupi chikalizidwa. Kompyuta imamva kusinthaku kuposa babu. Chimodzimodzinso ikamayendera jenereta yaing'ono kapena batire la sola lotopa. Choncho funso loyamba nali: kodi imathima nthawi yanji? Mwini makina alembe m'kope tsiku, ola ndi chimene amachita. Ngati imathima nthawi imene chigayo chayamba, bolodi lilibe mlandu. Ainyamule akaiyese pa nyumba ina, kapena abwereke estabilizador kapena UPS, kabokosi kamene kamasunga moto kwa mphindi zingapo magetsi akathima.

Chachiwiri ndi fumbi. Mu Seputembala ndi Okutobala fumbi la mumsewu limalowa paliponse, ndipo m'kompyuta limaunjikana pa chitsulo choziziritsa purosesa mpaka kukhala ngati thonje. Purosesa ikatentha mopyola muyezo, makina amadzithimitsa okha pofuna kudziteteza. Chizindikiro chake nchoti m'mawa kukuzizira imayenda bwino, koma masana imathima, fani ikulira ngati njuchi. Zulani pulagi, tulutsani bokosi panja, gwirani fani kuti isazungulire, ndipo puzirani ndi pampu ya njinga ndi kaburashi kofewa. Musauzire ndi pakamwa, malovu ndi mdani. Musadabwe mukapezamo mphemvu kapena buluzi wouma. Ngati phala lotuwa la pakati pa purosesa ndi chitsulo lauma, mmisiri alipukute nkupakapo lina pang'ono, kukula kwake ngati njere ya nandolo.

Chenjezo: musanakhudze bolodi, yambani mwagwira chitsulo cha bokosi. Ndipo kabokosi ka magetsi ka pakona, kamene amisiri amati fonte, musakatsegule, pakuti kamasunga moto ngakhale mutazula pulagi. Kakakayikitsa, mungobwereka kena nkuyesa. Nthawi zambiri wolakwa amakhala komweka, makamaka mvula ya mphezi ikadutsa.

Kabatire konga ndalama yachitsulo

Pa bolodi pali kabatire kozungulira kolembedwa CR2032, ka mavoti 3. Ntchito yake nkusunga nthawi ndi zimene BIOS anauzidwa pamene makina ali chozima. Kamatha pakapita zaka zingapo, ndipo makina ogula akale nthawi zambiri amafika kali kotheratu. Mudzadziwa poona kuti m'mawa uliwonse tsiku labwerera zaka zambiri m'mbuyo, makina akupempha kuti mutobwanye F1, ndipo masamba a pa intaneti akukana kutseguka chifukwa cha tsiku lolakwika. Anthu ataya makompyuta abwinobwino chifukwa cha kabatire kamene kamapezeka kwa okonza mawotchi.

Kabatire komweka kalinso ndi ntchito ina. Mukazula pulagi, nkukachotsa kwa mphindi zisanu, nkukabwezera, BIOS amaiwala zonse zimene manja a anthu anasokoneza, nkubwerera mmene anachokera ku fakitale. Mukhozanso kulowa mu BIOS potobwanya Del kapena F2 makina akamayaka, nkusankha pamene palembedwa Load Defaults. Zimenezi sizoopsa, ndipo nzosiyana kutalitali ndi kuika BIOS watsopano.

Kenaka pali timatabwa titalitali totchedwa RAM. Tikalowa fumbi kapena kusunthika paulendo wa mumsewu wa mabampu, kompyuta imalira mobwerezabwereza osaonetsa kanthu, kapena imauma pakati pa ntchito. Titulutseni, pukutani mano ake agolide ndi labala ya pensulo, nkutibwezera mpaka timve kuti "ka". Ngati tilipo tiwiri, yesani kamodzikamodzi. Lamulo la mmisiri wanzeru nloti asinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi sadzadziwa chimene chachiza.

Pomaliza yang'anitsitsani timigolo ting'onoting'ono toimirira pa bolodi, totchedwa makapasita. Pamwamba pake payenera kukhala pophwatalala. Ngati patupa ngati mandasi kapena pakutuluka zadzimbiri, matenda mwawapeza. Pakati pa 1999 ndi 2007 mafakitale ena a ku Taiwan anatulutsa makapasita a mankhwala olakwika amene anaononga makompyuta ambirimbiri pa dziko lonse. Koma ngakhale abwino amatupa akakalamba pa malo otentha. Wokonza wailesi wodziwa kuwotcherera amatha kuwasintha. BIOS watsopano sangachize kapasita wotupa.

Nanga BIOS watsopano ngwa liti?

Ilipo nthawi imene vuto limakhaladi m'malangizo. Mu Julayi 2024 kampani ya Intel ya ku America inavomera kuti mapurosesa ake ena a makompyuta a patebulo, a m'badwo wa 13 ndi 14, ankapempha moto wopyola muyezo chifukwa cha cholakwika m'malangizo ake, kotero kuti makina ankangouma ndi kuthima. Mankhwala anatuluka mu Ogasiti ndi Seputembala chaka chomwecho kudzera mu BIOS watsopano, ndipo kampaniyo inaonjezera zaka ziwiri pa chitsimikizo cha mapurosesawo. Koma amene anali ataonongeka kale sanachire ndi BIOS. Tikuphunzirapo kuti BIOS watsopano amaikidwa pamene wopanga bolodi walemba poyera vuto limene akukonza, ndipo vutolo ndi lomwe inu muli nalo.

Kuopsa kwake nkotani? Poika BIOS watsopano, makina amayamba afufuta wakale. Magetsi akathima pa mphindi zimenezo, mbusa uja wafa khola lisanatsegulidwe: fani izungulira, koma palibe chooneka. Dziko linaona zotere pa 26 Epulo 1999, pamene kachirombo ka pakompyuta kotchedwa CIH, kolembedwa ndi wophunzira wina wa ku Taiwan, kanafufuta BIOS wa makina ambiri, ndipo ena anakonzeka pokhapokha atasintha kachipangizo kakuda kaja kapena bolodi lonse. Chimene kachirombo kanachita dala, magetsi othimathima akhoza kuchita mwangozi. Mabolodi ena atsopano ali ndi njira yodzipulumutsira, koma akale ambiri alibe, ndipo pamafunika mmisiri wokhala ndi kachida kolembera kachipangizoko mwatsopano. Umenewo ndi ulendo wa ku tauni, ndi ndalama zake.

Choncho ngati zonse zalephera ndipo BIOS ayenera kusinthidwa, mwini makina ayambe wasunga makalata onse a anthu pa fulashi. Awerenge dzina ndi nambala zolembedwa pa bolodi penipenipo, osati kungokhulupirira chikwangwani cha pabokosi, pakuti ogulitsa amasinthanitsa zam'kati. Atenge fayilo kwa kampani yopanga bolodiyo basi. Alumikize UPS yodzaza bwino, asankhe m'mawa kopanda mitambo, ndipo ntchito ikayamba pasapezeke wokhudza batani mpaka makina atayakanso okha.

Patapita sabata mtolankhani wanu anadutsanso pa kashopu kaja. Mnyamata anali atatsala pang'ono kusintha BIOS potsatira malangizo a mnzake wa pafoni, koma mkulu wina wokonza mawailesi anamuuza kuti ayambe watsegula bokosi. Anapezamo fumbi lodzaza dzanja ndi fani imene inasiya kuzungulira. Anagula fani ina, ndipo kuyambira tsikulo makina sanathimenso. Mayi wa ku Ntengo-wa-Mbalame anabweranso, nalandira kalata yake, koma analipira chapa kawiri.

Kwa aphunzitsi aakulu, alembi a magulu a alimi ndi eni mashopu a ku Tsangano ndi ku Macanga, pempho ndi loti mvula isanayambe mutsegule mabokosi, mupukute fumbi, musinthe kabatire, ndipo mphezi ikayamba kung'anima muzule pulagi. Kuona maso a nkhono nkudekha.